Chikopa, matumbo ndi mitsempha: zinthu zamanja zimenezi zimapangidwa bwanji, nanga mkangano wake uli pati?

Nkhani zake zimabwera pang'onopang'ono ndiye munthu sumazigwirizanitsa. Lero umva kuti wina amulanda ng'oma pa bwalo la ndege, mawa umva kuti maiko ena analetsa kugulitsa zovala za chikopa cha nyama ya m'nyanja koma anthu ena anawalola, mkuja kampani ikutsatsa chikwama nkumati ndi chikopa koma palibe nyama yaphedwa. Kenako wina akuuza kuti nsambo za vayolini ndi matumbo a mphaka. Mutu umaima ndithu. Vuto ndi loti timangoti "za chikopa" ngati ndi chinthu chimodzi, pomwe pali zinthu zingapo zosiyana, ndipo malamulo ake amayang'ananso zosiyana. Tiyeni tizimasule chimodzichimodzi, modekha.

Chinthu chake ndi chimodzi, kolajeni

Khungu la nyama, matumbo ake ndi mitsempha yake zonse zamangidwa ndi timaulusi ta puloteni ina yotchedwa kolajeni. Kusiyana kwake kuli pa mmene timaulusito tayalidwira basi. Mu khungu tapiringizana mbali zonse ngati bulangeti, nchifukwa chake chikopa sichimang'ambika chisawawa kaya uchikokere uku kaya uko. Mu mtsempha tonse tagona mbali imodzi ngati chingwe cha khonje, ndiye kukoka cha mulitali ndi kolimba zedi koma ukafuna kuchigawa chimagawika mosavuta. M'matumbo tili mu kachikopa kopyapyala kozungulira ngati sokosi yaitali.

Apa ndiyambe ndakonza mawu, chifukwa ife tikati mtsempha timatanthauza zambiri, wodutsa magazi uja ndi mtsempha, wotumiza uthenga ku ubongo ndi mtsemphanso. Omwe tikunena pano si amenewo ayi, ndi uja woyera wolimba womwe umalumikiza mnofu ku fupa, ngati womwe mumaugwira kumbuyo kwa chidendene chanu.

Kolajeni ali ndi khalidwe limodzi lomwe mmisiri aliyense wa zinthu izi amalidziwa ngakhale asanamvepo dzina lakelo. Akanyowa amafewa nkufufuma, akauma amakhwinyata nkulimba, ukamuwiritsa amasungunuka nkukhala guluu. Ndipo ukamusiya wonyowa amaola. Luso lonse lomwe tikambe pansipa ndi njira zosiyanasiyana zosewera ndi madzi amenewa, kuwachotsa, kuwabweza, kapena kuwatsekera kunja.

Ntchitoyi ndi yakale kwambiri koma umboni wake ndi wochepa chifukwa zinthu zake zimaola, mwala umatsala chikopa nkutha. Zomwe zinapulumuka zinachita mwayi. Mu 1991 anthu oyenda m'mapiri a Alps, m'malire a Italy ndi Austria, anapeza mtembo wa munthu wina mu madzi oundana, yemwe pano amangomutcha Ötzi, ndipo anakhalako zaka zoposa 5,000 zapitazo. Atayeza DNA ya zovala zake anapeza kuti chipewa chinali cha chimbalangondo, chikhoti chinali cha zikopa za mbuzi ndi nkhosa, phodo la mivi linali la mtundu wina wa gwape, zingwe za nsapato zinali za ng'ombe. Munthu mmodzi, nyama zisanu, iliyonse pa ntchito yake, ndipo zigambazo anazilumikiza ndi ulusi wa mitsempha. Ku Armenia nako mu 2008 m'phanga la Areni anafukula nsapato ya chikopa chimodzi cha ng'ombe ya zaka pafupifupi 5,500, mkati muli udzu, ndipo chomwe chinaisunga ndi ndowe za nkhosa zomwe zinaikwirira.

Chikopa chosafufuta

Ichi ndiye chiyambi. Wasenda nyama, wapala mafuta ndi tinyama totsalira mkati, mwina wachotsa ubweya mwina ayi, wachitambasula nkuchikhoma ndi zikhomo kuti chiume. Basi. Palibe mankhwala alowapo. Chikauma chimalimba gwa ngati thabwa lopyapyala ndipo ukachigogoda chimalira. Koma dziwani kuti chikadali chachiwisi, chili ngati nsomba youma, ukaibweza m'madzi imafewanso ndipo ukaisiya momwemo inunkha.

Ena amaona ngati limeneli ndi vuto koma kwa mmisiri ndiye phindu lake. Ukamanga mpini wa nkhwangwa ndi lamba wa chikopa chonyowa, pouma amakhwinyata nkugwira mwamphamvu kuposa mfundo iliyonse yomwe dzanja lingamange. Ng'oma ndi chimodzimodzi, amakunga chikopa chili chonyowa, chikamauma chimadzikoka chokha. Nchifukwa chake ng'oma ya chikopa imalira mogontha kukachita chinyezi ndipo oimba amaiwamba pa moto kuti mawu akwere, akungothamangitsa madzi omwe kolajeni wamwa mu mpweya. Zishango, zikoti, zingwe zomangira, mabokosi osungira katundu omwe anthu a m'zigwa za North America ankapinda ndi chikopa cha njati yakwawoko, zonsezi ndi banja limodzi.

Chomwe ambiri sadziwa ndi choti mabuku akale a ku Ulaya ndi ku Middle East ali m'banja lomweli. Chikopa cholembapo sichifufutidwa. Amachiviika m'madzi a laimu masiku angapo kuti ubweya uthothoke, nkuchikunga pa felemu ya matabwa, nkumachipala ndi mpeni wooneka ngati mwezi watsopano uku akuwonjezera kukoka, mpaka timaulusi tija tonse tagona chafulati ndipo chikopa chayera nkupyapyala ngati pepala. Dzina lake m'zinenero zambiri za ku Ulaya linachokera ku mzinda wa Pergamon, womwe pano uli mu Turkey. Magna Carta, chikalata chotchuka cha maufulu cha ku England cha mu 1215, inalembedwa pa chikopa cha nkhosa ndipo makope anayi oyambirira alipobe. Baibulo lina lalikulu lotchedwa Codex Amiatinus, lomwe amonke a kumpoto kwa England analemba cha m'ma 700 ndipo pano lili ku Florence, linadya zikopa za ana a ng'ombe oposa 500. Taganizani, buku limodzi khola lonse phiii. Ndipo nyumba ya malamulo ya ku Britain inapitiriza kusindikiza malamulo ake pa chikopa mpaka posachedwapa, anasintha mu 2017 atakangana za ndalama, pano mkati ndi pepala, chikopa chatsala pa chikuto.

Kufufuta ndiye kutani

Kufufuta ndi kusintha kolajeni uja kuti asabwererenso ku uwisi. Ngati chikopa chosafufuta chili ngati njerwa ya dothi youma ndi dzuwa yomwe mvula ikabwera imasungunuka, chofufuta ndi njerwa yootcha. Dothi ndi lomwelo koma silibwereranso.

Njira zake zikuluzikulu zilipo zitatu ndipo mkangano wambiri wa masiku ano umachokera posasiyanitsa njirazi.

Yoyamba ndi ya mafuta ndi utsi. Anthu ambiri a ku North America ndi ku Siberia ankaphika ubongo wa nyamayo nkuupaka pa chikopa, ena mafuta a nsomba, ena chiwindi, masiku ano ena amangogwiritsa ntchito mazira. Mafutawo amalowa pakati pa timaulusi kuti tisamatirirane. Koma ntchito yeniyeni ili pouma. Chikopa chikayamba kuuma sungachisiye, umachikoka, kuchipotokola, kuchikhuza pa mtengo kapena pa chingwe, maola ndi maola manja mpaka matuza, chifukwa ukangopita kukamwa madzi nkuchedwa malo omwe aumawo alimba ndipo uyambirenso. Chikafewa ngati nsalu amachisoka ngati thumba nkuchivundikira pa dzenje la moto wa nkhuni zofumbwa, wofuka utsi wokha wopanda malawi. Utsiwo ndi womwe umamaliza ntchito, muli makemikolo omwe amamanga timaulusi tija kotero kuti chikanyowa nkuumanso chimakhalabe chofewa. Fungo la utsilo silichoka ngakhale papite zaka.

Yachiwiri ndi ya makungwa. Makungwa a mitengo ina, masamba ndi zipatso zina zili ndi tanini, chomwe chija chimakumata mkamwa ukamwa tiyi wowawa wopanda mkaka kapena ukaluma nthochi yosapsa. Chikopa chimaviikidwa m'maenje a madzi a makungwa, kuyamba ndi osalowerera kenako olowerera kwambiri, ndipo chikopa chokhuthala cha pansi pa nsapato chimatha kukhala m'dzenje chaka chathunthu. Chimatuluka chofiirira, cholimba, chotheka kuchijambula ndi kuchiumba. Zishalo za akavalo, malamba, zikuto za mabuku. Ku Fez m'dziko la Morocco maenje oterewa akugwirabe ntchito pakati pa mzinda wakale, ndipo pofewetsa zikopa asanazinyike mu utoto amagwiritsa ntchito zitosi za nkhunda. Inde zitosi. Kale ku Ulaya ankatolera ndi za agalu zomwe, nchifukwa chake ofufuta zikopa ankawaika kunja kwa mzinda, kumunsi kwa mtsinje.

Yachitatu ndi ya kromiyamu, ya mafakitale. Katswiri wina wa ku Germany, Friedrich Knapp, anaonetsa mu 1858 kuti mchere wa kromiyamu umafufuta chikopa, ndipo mu 1884 Augustus Schultz ku America analembetsa njira yoti igwire ntchito pa malonda. Zomwe makungwa amachita miyezi, kromiyamu amachita tsiku limodzi. Chikopa chimatuluka chabuluu, chofewa, chosaopa kutentha, ndipo zikopa zambiri zomwe zili pa msika wa dziko lonse lero, nsapato zanu ndi mipando ya galimoto, ndi za njira imeneyi. Vuto lake ndi madzi otayidwa. Dera la Hazaribagh ku Dhaka linatchuka poipitsa mtsinje wa Buriganga mpaka mafakitale anawasamutsira ku Savar mu 2017. Ndiye munthu akati "chikopa chimaononga chilengedwe" mufunseni kuti chiti, chifukwa mayi wofufuta chikopa chimodzi ndi utsi kuseri kwa nyumba ndi fakitale yothira kromiyamu mu mtsinje sali pa mlandu umodzi. Komanso tisanamizane kuti za makungwa zilibe vuto, nazonso zimafuna laimu, madzi ambiri ndi mitengo yoti isendedwe.

Matumbo, gawo lomwe anthu amanyansidwa nalo

Apa ndi pomwe ine ndimagoma. Thumbo lili ndi zigawo zingapo, ndipo mmisiri amafuna chimodzi chokha chomwe chili ndi kolajeni wambiri. Amalitsuka, kulitembenuza, nkumalipala ndi chinthu chobuntha ngati chigoba cha nkhono kapena supuni, mkati ndi kunja, mosamala kuti lisabooke, mpaka patsale kachikopa koonekera ngati pulasitiki wa shuga.

Anthu a m'mbali mwa nyanja zozizira, Aunangan a ku zilumba za Aleutian, Ayupik ndi Ainuit a ku Alaska, Canada, Greenland ndi Siberia, anapanga jekete ya mvula ndi zimenezi. Amatenga matumbo a nyama za m'nyanja monga seal, walrus ngakhale namgumi, akapala amamanga mbali imodzi nkuuzira mpweya ngati baluni yaitali nkuyanika. Likauma amalicheka mulitali, limakhala ngati riboni yaitali mamita ambiri, ndiye amasoka maribonizo imodzi pamwamba pa inzake mpaka jekete ya chipewa chake yatuluka, yopepuka moti ukaipinda imakwana m'manja. Akaumitsa kunja kukuzizira kwambiri ndi mphepo imayera mbuu ngati pepala, akaumitsa nyengo yotentha imakhala yachikasu yoonekera. A Russia omwe anafika kumeneko m'zaka za m'ma 1700 ankaitcha kamleika ndipo ankagula kuti azivala okha chifukwa zawo zinkalowa madzi. Chinsinsi chake nchoti thumbo linalengedwa kuti lizidutsitsa zinthu zina nkutsekereza zina, ndiye madontho a mvula salowa koma nthunzi ya thukuta imatuluka, zomwe makampani a majekete a Gore-Tex anadzazikwanitsa ndi pulasitiki m'ma 1970. Akamaliza kusoka ena ankamanga mikono nkuthiramo madzi kuti aone ngati msoko ukudontha. Mlenje ali mu kayak, kabwato kokutidwa ndi zikopa, pakati pa nyanja yozizira, msoko wodontha ndi imfa, ndiye wosokayo sankasewera. Matumbo omwewo ankawaikanso pa windo m'malo mwa galasi.

Kwina matumbo anawapota kukhala chingwe. Za mphaka zija ndi bodza, dzina loti catgut ndi lomwe limasokoneza koma zingwezo ndi za nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe. Amang'amba thumbo m'timizere, kuphatikiza ingapo, kupota ili yonyowa, kuumitsa ili yokokedwa, kenako kusalaza. Pouma timizereto timamatirirana tokha popanda guluu. Vayolini, zeze wamkulu uja wa azungu ndi gitala zonse zinkalira ndi nsambo zotere kwa zaka mazana ambiri. Za nayiloni pa gitala zinabwera m'ma 1940 nkhondo itasowetsa matumbo, mmisiri wopanga magitala Albert Augustine ndi woimba Andrés Segovia ndi omwe anazikankha. Koma oimba nyimbo zakale za ku Ulaya mpaka pano amafunabe za matumbo ati mawu ake ndi ofunda, ngakhale zimaphwa msanga kukasintha nyengo. Pa tenesi napo, kampani ya Babolat ya ku Lyon inayamba kupanga zingwe za matumbo mu 1875 ndipo ikupangabe, laketi imodzi imadya matumbo a ng'ombe ziwiri kapena zitatu.

Madokotala nawo anali makasitomala akulu. Al-Zahrawi, dokotala wa opaleshoni wa ku Córdoba, ku Spain, yemwe anamwalira cha mu 1013, analemba za kusoka mabala amkati ndi ulusi wa matumbo, chifukwa thupi limaugaya lokha, sipafunikanso kutsegula munthu kuti uchotse. Dokotala wa ku Britain Joseph Lister m'zaka za m'ma 1800 anapeza njira youphera tizilombo ndi kuulimbitsa kuti usasungunuke msanga. Ulusi wa fakitale wosungunuka unabwera cha m'ma 1970, ndipo matenda a misala ya ng'ombe atabuka ku Britain mu 1986 maiko a ku Ulaya ndi Japan anadzasiya ulusi wa matumbo, ngakhale kwina ukugwirabe ntchito. Chomaliza, chongodabwitsa, zibaluni zazikulu zonyamula anthu mlengalenga zotchedwa Zeppelin, matumba ake osungira gasi ankawamata ndi kachikopa ka matumbo a ng'ombe zikwi zambirimbiri pa chibaluni chimodzi.

Mitsempha, ulusi womwe umadzimata wokha

Pa nyama pali malo awiri otengapo. Wautali wafulati umayenda m'mbali mwa msana, pamwamba pa nyama yofewa ija, ndipo ndi womwe osoka amaufuna. Waufupi wozungulira uli m'miyendo. Akauchotsa amaupala nkuuyanika, umauma nkukhala ngati kamtengo kachikasu koonekera pang'ono, ukhoza kuusunga zaka. Tsiku loufuna amauika pa mwala wosalala nkumaumenya pang'onopang'ono ndi mwala wina kapena chipika, umayamba kuyera nkumasuka, kenako ndi zala umangosolola timaulusi toyera tonga thonje, kakang'ono ka singano kapena kokulirapo ka chingwe, mmene ukufunira. Wosoka amakadutsitsa mkamwa kuti kanyowe, nkukapota pa ntchafu kapena pa tsaya, mbali imodzi nkuisiya youma kuti ikhale yosongoka. Kawirikawiri safunanso singano, amaboola ndi chobowolera cha fupa nkulowetsa nsonga youmayo.

Ubwino wake waukulu ndi uja tanena kale, ukanyowa umafufuma. Ulusi wa nayiloni ukadutsa pa bowo, bowolo limakhalabe ndi mpata, madzi amalowa. Mtsempha ukanyowa umatupa nkutseka bowo lake lomwe. Osoka nsapato za kamik ndi zikopa zokuta kayak amawonjezera luso lina, singano siiboola chikopa mpaka kuseri, imalowa theka la kukhuthala kwake nkutuluka, ndiye palibe bowo lodutsa mbali zonse ziwiri. Ndipo ukamanga nthenga kapena mutu wa muvi ndi mtsempha wonyowa sipafunika mfundo, umauma nkudzimata wokha.

Pa uta ndiye mtsempha unasintha mbiri ya nkhondo. Uta ukakokedwa, mbali yoyang'ana kutsogolo imatanuka pomwe yoyang'ana woponya imapanikizika. Mtengo wokha uli ndi malire, ukapitirira umathyoka. Ndiye amisiri a ku Asia, Amongolia, Aturuki, Aperezi, Akoreya, anaika nyanga mbali yopanikizika, mtengo pakati, mitsempha yoviika mu guluu wa chikopa kapena wa nsomba mbali yotanuka. Uta umakhala waufupi woti nkuponya uli pa kavalo koma mphamvu ngati wautali. Kudikira kuti uume bwino kunkatenga miyezi mpaka chaka nkupitirira, ndipo mdani wake ndi chinyezi. Sultan Selim III wa ku Turkey analembedwa kuti mu 1798 anaponya muvi mtunda woposa mamita 800 ndi uta wotere. Aroma nawo makina awo oponyera miyala ankawakunga ndi mitolo ya mitsempha yopota.

Chenjezo kwa ogula, zambiri zomwe zimagulitsidwa lero ndi dzina la mtsempha ndi ulusi wa nayiloni kapena poliyesita wopaka phula. Kuyesa kwake nkosavuta, yatsani kansonga, wa pulasitiki umasungunuka nkupanga kampira kolimba, weniweni umapsa nkununkha ngati tsitsi.

Nanga malamulo akuletsa chani kwenikweni

Palibe lamulo limodzi loti "zinthu za chikopa". Ofisala wa pa malire amafunsa mafunso atatu osiyana, ndipo chinthu chikhoza kupambana awiri nkugwa pa limodzi.

Funso loyamba, ndi nyama yanji. Pangano la CITES, lomwe linasainidwa ku Washington mu 1973 nkuyamba kugwira ntchito mu 1975, limaika nyama m'magulu malinga ndi chiopsezo choti zitha. Chikopa cha mbuzi silikhudzana nacho. Cha kambuku chili m'gulu loyamba lomwe malonda ake odutsa malire ndi oletsedwa kupatula mwapadera, za ng'ona ndi nsato zambiri zimafuna chilolezo. Silisamala kuti chinthucho ndi chaching'ono bwanji, kalamba ka wotchi nakonso kamawerengedwa.

Funso lachiwiri, kodi chingabweretse matenda. Apa ndi pomwe ng'oma zimagwera, ndipo apa ndi pomwe kusiyana kwa chofufuta ndi chosafufuta kumagwira ntchito. Kachilombo ka anthrax kamapanga timbewu tolimba tomwe timakhala zaka makumi pa chikopa chouma cha nyama yomwe inafa ndi matendawa. Wopala ubweya pa chikopa chotere m'chipinda chotseka amatha kupuma fumbilo. Zinachitika kwa wopanga ng'oma ku New York mu 2006, yemwe anadwala kwambiri koma anachira, ndi wina ku London mu 2008 yemwe anamwalira. Ndi zosowa kwambiri poyerekeza ndi kuchuluka kwa ng'oma padziko, ndipo chiopsezo chili kwa wopala kuposa woimba, koma maiko monga Australia ndi New Zealand amaunika kwambiri katundu wa chikopa chosafufuta, amatha kulamula kuti athiridwe mankhwala kapena aonongedwe.

Funso lachitatu ndiye lovuta, wapanga ndani. Ku America lamulo loteteza nyama zoyamwitsa za m'nyanja la mu 1972 linaletsa kupha nyamazi koma linalola eni nthaka a m'mbali mwa nyanja ku Alaska kupha kuti adye ndi kupanga zamanja, ndipo akhoza kugulitsa kwa aliyense pokhapokha chikopacho chitasinthidwa mokwanira kukhala chinthu chaluso. Mawu oti mokwanirawo akhala akuvutitsa, chikopa chongosoka m'mphepete ndi chaluso kapena ayi? Ku Ulaya, bungwe lomwe pano limatchedwa European Union (EU) linaletsa zikopa za ana a mitundu ina ya seal mu 1983, kenako mu 2009 linaletsa malonda a zinthu zonse za seal, kupatula zochokera ku ulenje wa Ainuit. Canada ndi Norway anakadandaula ku WTO, bungwe loona za malonda a dziko lonse, ndipo mu 2014 chigamulo chinati EU ili ndi ufulu woletsa pa zifukwa za chikumbumtima cha anthu ake koma mmene inakonzera zopatulazo munali tsankho, ndiye lamulo linakonzedwanso mu 2015. Omenyera ufulu wa nyama amati kaphedwe ka malonda kanali kankhanza ndipo chiletso chinapulumutsa nyama zambiri. Ainuit ambiri amati chilolezo chawocho ndi cha papepala chabe, msika wonse utagwa mitengo inagwera aliyense, wogula sasiyanitsa kuti chikopa ichi chachokera kwa ndani. Zonse ziwiri zikhoza kukhala zoona nthawi imodzi.

Pali njira ina yomwe ena ayesa. Ku South Africa mamembala a mpingo wa Shembe amavala zikopa za kambuku pa mapemphero awo, ndipo kuyambira 2013 bungwe la Panthera, loteteza akambuku ndi nyama zina za mtundu wawo, lakhala likugwirizana ndi atsogoleri a mpingowo kugawa zikopa zopanga za nsalu zofanana ndi zenizeni. Ambiri anazilandira, mwa zina chifukwa sizionongeka ndi mvula. Koma zimenezi zikutifikitsa pa nkhani ya dzina. Zambiri zomwe amati chikopa chosapha nyama ndi pulasitiki wa PU kapena PVC womata pa nsalu, zina amasakaniza ndi masamba a chinanazi kapena bowa. Italy mu 2020 ndi Portugal mu 2022 anakhazikitsa malamulo oti mawu oti chikopa azigwiritsidwa ntchito pa chochokera ku nyama chokha. Opanga zinazo amati ogula si ana, amadziwa chomwe akugula.

Zomwe sizinayankhidwebe

Kodi chinthu chimakhala chachikhalidwe chifukwa cha zipangizo zake, kapangidwe kake, kapena munthu wochipanga? Mayi wa ku Greenland akasoka kamik ndi ulusi wa nayiloni, ndi mlendo yemwe waphunzira nkusoka ndi mtsempha weniweni, yeniyeni ndi iti, ndipo woweruza ndani, boma, wogula kapena eni ake?

Nanga chilolezo chapadera cha eni nthaka chingagwire ntchito bwanji msika waukulu utatsekedwa, ndipo malire a ulenje wodyera ndi ulenje wamalonda ali pati pomwe mlenje yemweyo amafuna ndalama ya petulo ndi zipolopolo kuti akasake chakudya?

Za chilengedwe nazo kawerengedwe sikanagwirizanike. Ena amati chikopa ndi matumbo ndi zotsala za nyama yomwe yaphedwa kale, kuzitaya ndiye kuononga. Ena amati ndalama ya chikopa imathandizira kuti ng'ombe zichuluke ndiye mpweya woipa wa ng'ombezo uwerengedwe pa nsapato. Yankho limasintha malinga ndi mbali yomwe wowerengayo wayambira, komanso ngati wawerengera zaka zomwe chinthucho chikhale ndi komwe chikathere chikatha.

Ndiye pali zomwe zili m'mamiyuziyamu. Zambiri zinatengedwa nthawi ya atsamunda, ndipo pofuna kuziteteza ku njenjete osunga akale ankazithira aseniki, mekyule ndi DDT. Ku America lamulo la mu 1990 limalola mitundu ya eni nthaka kuitanitsa zinthu zawo zopatulika, koma chovala chikabwerera chili ndi poizoni, chivalidwe pa mwambo kapena chikhalenso mu galasi? Nanga jekete ya matumbo yomwe ikauma kwambiri imathetheka ngati chipsi, ndi bwino isungidwe osaikhudza, kapena aipereke m'manja mwa osoka a lero aitembenuze aone msoko wake, ngakhale itang'ambika pang'ono, popeza odziwa kusoka msoko umenewo atsala owerengeka?